Funsani Azakhali: Maganizo Akachuluka Mayeso Ali Pafupi

Makalata ambiri amene afika mwezi uno achokera kwa ana asukulu ndi makolo awo, ndipo sindikudabwa popeza nyengo ya mayeso yayandikira. Ndasankhapo atatu. Monga mwa nthawi zonse, mayina ndawabisa ndipo makalata ena ndawafupikitsa.

Azakhali,

Ndine mnyamata wa zaka 18 ndipo ndili Fomu 4 pasukulu ina yoyendera m'boma la Ntcheu. Bambo anga anagulitsa mbuzi ziwiri kuti andilipirire mayeso ndi kundigulira mabuku, ndipo sipatha tsiku osandikumbutsa kuti banja lonse likuyang'ana ine popeza achimwene anga analekezera Sitandade 8. Kuyambira teremu yathayi sindikugona bwino. Ndimadzuka 2 koloko usiku n'kuviika mapazi m'beseni la madzi ozizira kuti ndisawodzere, koma ndikangotsegula kope mtima umathamanga, m'manja mumatuluka thukuta, ndipo kukamacha zonse zimene ndawerenga zimakhala zitauluka. Pamayeso a moko ndinapeza mapointi 34. Mnzanga wina akuti chamba chimatsegula mutu, ndipo ndasutapo kawiri. Palinso munthu wina pa WhatsApp amene akuti tikamutumizira ndalama atipatsa likasa. Nthawi zina ndimaganiza zongosiya zonse n'kutsatira msuweni wanga ku Joni mayeso asanayambe, kuti bambo asadzachite manyazi dzina langa likadzasowa pamndandanda. Ndichite chiyani?

Wothedwa nzeru, Ntcheu

Mwana wanga,

M'kalata yako muli nkhani zitatu zimene ukufuna kugamula, ya chamba, ya likasa ndi ya ulendo wa ku Joni, ndipo ndikukhulupirira kuti zonsezi unaziganiza usiku, uli wekha, mapazi ali m'beseni. Imeneyo si nthawi yogamulira mlandu wa moyo wako. Ngakhale mfumu siiweruza mlandu usiku. Imadikira kuti kuche, anthu asonkhane pabwalo, ndipo mbali zonse zimveke. Ndikupempha kuti nkhani zitatuzo uziike kaye pambali kwa masabata awiri, tiyambe takonza thupi ndi mutu umene ukufuna kugamulirawo.

Zimene zikukuchitikirazi si kulodzedwa ndipo si umbuli. Munthu akaona choopsa, tiziwalo tiwiri tokhala pamwamba pa impso timatulutsa timadzi totchedwa adrenaline ndi cortisol. Timadzi timeneti timathamangitsa mtima, timafulumizitsa kupuma, ndiponso timakankhira magazi kumiyendo ndi kumanja kuti munthu athawe kapena alimbane ndi chimene chamudzeracho. Mlenje akakumana ndi njati m'tchire, zimenezi ndi zimene zimamupulumutsa. Vuto ndi lakuti thupi silisiyanitsa njati ndi pepala la Masamu, komanso njati imabwera n'kupita pamene mayeso akhala akukuyang'anitsitsa kwa miyezi yambiri. Thupi lako lakhala lili chire ngati lofuna kuthawa kuyambira teremu yatha, ndipo munthu amene akuthawa saona njira zambiri, amangoona mpata umene uli pafupi. N'chifukwa chake chamba, likasa ndi Joni zikuoneka ngati ndiwo makomo okhawo amene atsala.

Tiyambe ndi tulo. Akatswiri a zaumoyo amalangiza kuti wachinyamata wa zaka 13 mpaka 18 azigona maola 8 mpaka 10 usiku uliwonse, ndipo chifukwa chake n'chofunika kwambiri kwa munthu amene akukonzekera mayeso. Zimene waphunzira masana ubongo umazilongedza ndi kuzisunga pa nthawi imene uli m'tulo, monga mmene mlimi amatutira chimanga m'nkhokwe akakolola. Iweyo ukukolola tsiku ndi tsiku koma chimangacho ukuchisiya m'munda, kenako m'mawa ukudabwa kuti palibe. Mwambo wa beseniwu ndaumva m'masukulu ambiri ndipo umandimvetsa chisoni, chifukwa ana amauyesa chizindikiro cha khama pamene ukuwadyera zimene akhetsera thukuta. Beseni libwerere kumene linachokera. Uzigona 9 koloko, uzidzuka 5 koloko, ndipo usachoke pakhomo osadya kanthu, kaya ndi phala, mbatata kapena chinangwa, chifukwa njala nayonso imachulukitsa nkhawa.

Kawerengedwe kakonso kasinthe. Kubwereza kope kuchokera tsamba loyamba mpaka lomaliza kumakupatsa chithunzi chakuti wagwira ntchito, koma kumasiya zochepa m'mutu. Werenga mutu umodzi kwa mphindi 40, tseka kope, ndipo ulembe papepala kapena unene mokweza zimene wakumbukira; pamene wakakamira ndi pamene pakufunika kubwererapo. Peza anzako awiri a khama, muzikumana masana kuyankha mafunso a mayeso a MANEB a zaka zam'mbuyo mukudziyikira nthawi, ndipo aliyense azifotokozera anzake funso limodzi. Mtima ukayamba kuthamanga, ika cholembera pansi, koka mpweya ndi mphuno uku ukuwerenga mpaka 4, ndipo uutulutse pang'onopang'ono ndi pakamwa uku ukuwerenga mpaka 6. Ukabwereza kangapo udzamva mtima ukubwerera m'malo, chifukwa kutulutsa mpweya mosafulumira kumauza thupi kuti choopsa chapita. Uziyeserera zimenezi panopa kuti zisadzakhale zachilendo m'chipinda cha mayeso. Mpira wamadzulo usausiye. Thukuta la pabwalo limatsitsa timadzi tija kuposa kukhala chete m'nyumba.

Tsopano tione mapointi 34 amene akukusowetsa mtenderewo, chifukwa ndikuona kuti sunawawerenge bwino. Mapointi a MSCE amachokera pa maphunziro 6 amene wakhoza bwino koposa. Giredi 1 ndi 2 ndi kukhoza mwapamwamba, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kungokhoza, ndipo 9 ndiye kulephera. Ukagawa 34 pa maphunziro 6 upeza kuti ukusewera pakati pa 5 ndi 6, kutanthauza kuti ngati Chingerezi chili bwino, dzina lako silinali loti lisowe pamndandanda. Sindikunamiza kuti ndi mapointi amenewa malo m'mayunivesite a boma ndi osavuta, chifukwa ngakhale bungwe la NCHE, loyang'anira maphunziro a ukachenjede, limafuna makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi, opikisana nawo ndi ambiri ndipo malo ndi ochepa. Koma munthu amene wapeza 34 asakugona akhoza kukhoza bwino ndithu n'kutsitsa mapointiwo akayamba kugona. Pita kwa aphunzitsi ako ndi mapepala a moko, uwafunse maphunziro awiri amene ungakweze msanga, ndipo mphamvu zako zambiri zipite pamenepo.

Za chamba mnzakoyo wakunamiza, mwina nayenso ananamizidwa. Chamba chimachititsa munthu kumva ngati akuganiza zakuya, koma chimafooketsa mbali yeniyeni ya ubongo imene imagwira zinthu zatsopano, ndipo imeneyo ndiyo ukuifuna panopa. Mbali ya kutsogolo kwa ubongo, imene imathandiza munthu kudziletsa ndi kuona mapeto a chinthu asanachichite, imapitiriza kukhwima mpaka cha m'ma zaka 25, choncho amene amayamba kusuta ali aang'ono ndi kumasuta kawirikawiri amakhala pachiopsezo chachikulu cha matenda a misala kusiyana ndi amene sasuta. Ogwira ntchito kuchipatala cha anthu odwala matenda a maganizo ku Zomba ndi ku St John of God ku Mzuzu amalandira anyamata ambiri amene nkhani yawo inayambira pa ndudu imodzi ya mnzawo. Usapusitsidwe ndi zakuti chamba chinaloledwa. Lamulo la mu 2020 linalola ulimi wa chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale kwa amene ali ndi chiphaso, koma kusuta kudakali mlandu. Wasuta kawiri, ndipo kulekera pomwepo n'kotheka lero lomwe. Mnzakoyo ungomuuza kuti chimakupweteketsa mutu, ndipo nthawi imene amapita kukasuta iweyo uzikhala uli kwina.

Wa likasayo umutseke pafoni. Ambiri mwa anthu amenewa ndi akuba chabe amene amalandira ndalama n'kuzimitsa foni, kapena kutumiza mafunso akale atawasintha chaka. Ndipo ngakhale pepala litakhala lenileni, kumbukira zimene zinachitika mu Novembala 2020, pamene mayeso a MSCE anaimitsidwa ali mkati chifukwa mapepala anabedwa, ndipo ophunzira onse m'dziko muno, olakwa ndi osalakwa omwe, analembanso mu Januwale 2021. Wogwidwa ndi likasa zotsatira zake zimafafanizidwa ndipo akhoza kukagona m'chitokosi. Pamenepo ndiye mbuzi za bambo ako zingapite pachabe.

Joni sakuthawa, adzakhalapobe mayeso akatha. Funsa msuweni wakoyo akuuze zoona zake za moyo wa munthu wopanda mapepala kumeneko, ndiponso za malo otchedwa Lindela kumene amasungira anthu oyembekezera kubwezedwa kwawo. Ukadzafunabe kupita, udzapite ndi satifiketi ndi pasipoti m'thumba, utatsazika makolo masana.

Chatsala ndi cholemera kuposa zonse, ndicho bambo ako. Ndikukhulupirira kuti akamakukumbutsa za mbuzi zija amayesa kuti akukulimbikitsa, ndipo sakudziwa kuti mawu awo ukugona nawo ngati mwala pachifuwa. Mwana wa Chingoni sangayime pamaso pa bambo ake n'kuwauza kuti asiye kulankhula, ndipo sindikukutuma zimenezo. Dzera kwa mayi ako kapena kwa amalume ako, uwafotokozere monga wandifotokozera ine, kuti sukugona, kuti mtima ukuthamanga, ndipo kuti unafika poganiza zothawa. Iwowo adziwa nthawi ndi mawu oyenera kufikira nawo bambo. Ndi bwino bambo amve kuti mwana wawo akuopa kusiyana n'kuti adzamve kuti mwana wawo wasowa. Ngati patatha masabata awiri ukugona pa nthawi yake koma mtima sukukhazikikabe, pita kuchipatala cha boma ukafotokoze zonse, kuphatikizapo za chamba zija, osabisa.

Azakhali,

Ndine mayi wa ana anayi ndipo ndimagulitsa kaunjika mumzinda wa Blantyre. Mwana wanga wamkazi wa zaka 15, amene ali Fomu 2, wasintha kwambiri m'miyezi iwiri yapitayi. Anali wokonda kuseka ndi kuimba kwaya, koma tsopano akangoweruka amadzitsekera m'chipinda, nsima amangoigwiragwira, ndipo foni ikalira amadzidzimuka. Sabata yatha nditamukalipira chifukwa chosatsuka mbale anandiyankha kuti, "Musadandaule, posachedwa mupuma, ine ndatopa nawo moyo." Bambo ake akuti ndi mwano wa chinamwali ndipo mankhwala ake ndi chikwapu ndi kumulanda foni. Ine mtima wanga sukuvomera. Kodi ndikukokomeza?

Mayi wodandaula, Blantyre

Mayi,

Simukukokomeza, ndipo ndikuthokoza kuti mwamvera mtima wanu. Mwana akanena kuti watopa ndi moyo, mawuwo tiziwatenga monga mmene tingatengere mwana amene wanena kuti wamwa madzi a m'botolo losadziwika: timathamanga kaye, zofufuza ngati amanena zoona zimabwera pambuyo. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati mwa achinyamata 7 alionse a zaka 10 mpaka 19, mmodzi amakhala ndi vuto la maganizo, ndipo zimene mwatchulazi, kusiya zimene ankakonda, kusadya, kudzipatula kwa nthawi yopitirira masabata awiri, ndi zizindikiro zodziwika za matenda ovutika maganizo. Mwano wa chinamwali umakhala ndi phokoso ndipo umadya nsima. Mwana wanuyu wazilala.

Lero lomwe, musanalankhule naye n'komwe, chotsani m'nyumba kapena tsekerani mankhwala onse oopsa, a makoswe, a mbewu ndi a kuchipatala omwe, ndipo masiku ano asamakhale yekha nthawi yaitali. Maganizo ofuna kudzivulaza amabwera ngati chimvula cha mphepo, amakula kwa kanthawi n'kudutsa, ndipo ana ambiri amapulumuka chifukwa chakuti pa ola loipalo panalibe choopsa pafupi.

Kenako mupeze mpata wolankhula naye muli awiri. Musamuitanitse pabalaza ngati wopalamula, bambo ali pampando, abale ake akusuzumira pakhomo. Mutengeni kuti akuthandizeni kusankha nyemba kuseri kwa nyumba kapena kupinda zovala za pamsika, chifukwa ana a msinkhu umenewu amamasuka manja akamagwira ntchito ndipo maso asakuyang'anana. Muyambe ndi zimene mwaona, osati zimene walakwa: kuti mwaona sakudya, kuti kwaya anasiya, ndipo kuti mawu aja akhala akukusowetsani tulo. Ndipo mumufunse mosazungulira ngati wakhala akuganiza zodzipha. Makolo ambiri amaopa funso limeneli poganiza kuti limuika mwana maganizo amene analibe, koma akatswiri anapeza kuti kufunsa sikubzala maganizowo. Kumamupatsa mwana mpata wotula katundu amene wakhala akusenza yekha. Akayamba kulankhula, inu gwirani pakamwa. Musamudule ndi mawu akuti anzake akuvutika kuposa iye, kapena kuti wakhuta, ngakhale zimene anganene zitakupwetekani.

Kudzidzimuka foni ikalira kwandikhudza kwambiri. Mwina pali amene akumunyoza pagulu la WhatsApp la kusukulu, mwina pali amene ali ndi chithunzi chake ndipo akumuopseza kuti achifalitsa, mwinanso pali munthu wamkulu amene akumukakamiza zinthu. Ngati ndi choncho, mumuuze msanga kuti simumuthamangitsa pakhomo ndipo wolakwa ndi woopsezayo. Mauthengawo asafufutidwe chifukwa ndi umboni. Kuzunza munthu kudzera pafoni kapena pa intaneti ndi mlandu pansi pa lamulo la mu 2016 loona za mauthenga apakompyuta, ndipo kupolisi kuli nthambi ya Victim Support Unit imene imamva nkhani za ana mwachinsinsi. Kumulanda foni mwaukali kungangomutsekera pakamwa, ndipo woopsezayo adzapeza njira ina yomufikira. Chabwino n'kugwirizana kuti usiku mafoni onse a m'nyumbamo, anu omwe, azigona pabalaza.

Musathere pa kucheza kwa pakhomo. Mupite naye kuchipatala sabata ino ndipo mukanene mawu enieni amene ananena, kuti akakutumizeni kwa amene anaphunzira za matenda a maganizo. Ku Queen Elizabeth Central Hospital aliko, ndipo m'zipatala zambiri zazing'ono muli gawo lothandiza achinyamata. Palinso nambala yaulere ya 116 yothandiza ana, imene amayendetsa a bungwe la YONECO, ndipo mukhoza kuimba inuyo kapena mwanayo payekha. Mapemphero ndi uphungu wa kumpingo zimalimbitsa banja pa nthawi ngati imeneyi, ndipo ziyendere limodzi ndi chipatala monga mmene timachitira mwana akadwala malungo.

Bambo akewo musalimbane nawo pamaso pa ana. Muwauze muli awiri kuti chikwapu chingadikire koma mawu a mwanayo sangadikire, ndipo muwapemphe kuti akuperekezeni kuchipatala kuti akamve okha kuchokera kwa adokotala. Abambo ambiri amene amathamangira chikwapu amakhala kuti nawonso achita mantha ndipo sakudziwa pogwira. Mukawapatsa chochita, monga kumuperekeza mwana kusukulu m'mawa, nthawi zambiri amafewa.

Azakhali,

Ndili ndi zaka 16. Ndikakhumudwa kunyumba ndimabetcha pafoni ya mchimwene wanga, makamaka masewera a kandege, ndipo pa nthawiyo ndimaiwala mavuto onse. Tsopano ndadya K15,000 imene mayi anandipatsa kuti ndikapereke kusukulu. Ndikuganiza zobwereka kwa mnzanga kuti ndibetche kamodzi kokha ndibweze ndalamayo mayi asanadziwe.

Mnyamata wa ku Kasungu

Mwana wanga,

Usabwereke. Masewera amenewo anawakonza mwa masamu kuti kampani izitsala ndi phindu, choncho ukamabetcha nthawi zambiri m'pamenenso umaluza zambiri, ndipo kubetcha pofuna kubweza zimene waluza ndiyo njira imene ngongole ya K15,000 imasandukira ya K50,000. Komanso malamulo a dziko lino salola munthu wosakwana zaka 18 kutchova juga, ndiye mchimwene wakoyo naye akulakwa pokubwereka foni.

Chimene chandigwira mtima m'kalata yako ndi mawu akuti umaiwala mavuto onse. Kandege kakamakwera mutu umadzaza ndi chinthu chimodzi, ndipo zowawa za kunyumba zimakhala ngati zachoka, koma kakagwa umazipeza zili pomwepo zitaonjezekera ngongole. Sunandiuze chimene chimakukhumudwitsa kunyumbako, ndipo ndikufuna undilemberenso undifotokozere, kapena uuze mphunzitsi amene umamukhulupirira. Pakali pano, mkwiyo ukakugwira tuluka panja, yenda mpaka kudambo n'kubwerera, kapena katunge madzi, ndipo foni ya mchimwene wako usaigwire ngakhale kuti uone nthawi.

Mayi ako uwauze usiku uno mukatha kudya, kalata ya kusukulu isanawapeze. Adzakalipa, ndipo ali ndi chifukwa. Upite ndi ndondomeko ya mmene ubwezere ndalamayo, kaya ndi ganyu wa Loweruka lililonse kapena kugulitsa nkhuku yako ngati uli nayo, ndipo uwapemphe kuti ndalama za kusukulu azikapereka okha mpaka chaka chithe.